Kalata Yathu ya Mlatho Inakulunga Matemba

Andiuza kuti ndiyankhule mphindi khumi. Wondiuzayo sandidziwa.

Abale anga a ku Mongue, a ku Majaua, ndi inu a ku Molumbo amene mwafika fumbi lili m'nsidze, moni nonse. Mwasankhidwa kumene kulowa mu konselyu, bungwe la oimira midzi, kuti muzitenga mawu a anthu kupita nawo ku posito, ku ofesi ya boma ya dera lanu, n'kubwerako ndi mayankho. Ndikuona malaya anu ndi osita bwino. Ena mwagula pasita yatsopano yoikamo mapepala, ndipo mwaikumbatira ngati khanda la paubatizo. Zili bwino. Inenso ndinayamba choncho. Kuno sanandiitane chifukwa ndinachita bwino ayi. Ophunzitsa anu amafuna chitsanzo cha zoyenera kupewa, ndiye wina anati, m'malo movutika kufotokoza, bwanji tingoitana mwini wake.

Dzina langa ndine Selestino, koma kwathu amati a Dotolo. Sindinachiritsepo munthu. Mukudziwa kuti kuno aliyense amene anaponda pakhomo la koleji ndi dotolo basi. Ndinapita ku Kelimane kukaphunzira zauphunzitsi, maphunziro a zaka zingapo ndithu, koma ine pokhala munthu wachangu ndinawatsiriza m'chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Aphunzitsi ndi ine tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Maganizowo anayambitsa ndi iwo. Ndinabwerera kumudzi ndi zinthu zitatu: Chipwitikizi, tayi, ndi katoni ya manotsi.

Kwathu kuli kamtsinje kotchedwa Nanthipwe. M'chilimwe nkhuku imawoloka osanyowa mchira. Dzinja likafika, kamtsinjeko kamasanduka bwana wa tonse. Sukulu, chigayo, chipatala ndi msika zili tsidya lina. Tsidya lino kuli ife, nandolo wathu, chimanga chathu ndi amayi athu oyembekezera. Chimene anthu ankafuna chinali chimodzi: powolokera.

Kusankha kwa kwathu mukukudziwa, enanu mwachoka kumene pamenepo. Ofuna udindo mumaima kutsogolo mutafulatira anthu, maso ku mtengo wa mango, ndipo aliyense amakafola kumbuyo kwa amene wamufuna. Suona amene akukusankha. Umangomva mapazi, kutsokomola, ndi kuseka kwa amayi. Atatiuza kuti titembenuke, mzere wanga unali utafika mpaka pakhola la mbuzi la a katekisita. Woyamba pamzerewo, mphuno yawo itatsala pang'ono kugunda msana wanga, anali Mayi Filomena.

Mayiwa ndi amasiye, aafupi, mnzawo wa malemu amayi anga. Nthawi ya nkhondo anathawira limodzi ku Malawi, anakhala limodzi ku kampu, ndipo anabwerera limodzi mtendere utabwera, ine ndili kumsana. Kuwerenga sadziwa. Akakwiya amayamba m'Chinyanja, amapitiriza m'Chilomwe, n'kutsiriza ndi mawu awiri a Chipwitikizi amene sindingawatchule m'chipinda chino muli akuluakulu. Tsiku limenelo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti andisankha chifukwa ndimamva chiyankhulo cha m'maofesi. Ntchito yanga, iwo anati, ndi yaing'ono: ndikamva, ndizibwera kudzawauza.

Tinalemba kalata yopempha mlatho. Ndinalemba ndine, ndipo ndikuuzeni mosadzitama kuti inali kalata yokongola. Tsamba limodzi la mawu, masamba anayi a zala. Tinabwereka inki yodindira kusukulu, ndipo Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anthu anafola pansi pa mango uja. Ngakhale odziwa kusaina anakana bolopeni, anati akufuna chala, kuti aboma aone kuti ndi anthu enieni. Tsiku lonse mudzi unayenda ndi zala zabuluu. Ndinaika kalatayo mu pasita, anthu anandiwombera m'manja, ine n'kukweza dzanja limodzi monga ndinkaonera akuluakulu pa misonkhano.

Tsopano mvetserani mmene munthu amatsetserekera, chifukwa sizipweteka n'komwe.

Tsiku loyamba ku posito ndinapeza mzere wautali pazenera la sekeretariya, pamene amalandirira makalata. Ndinadzifunsa kuti, kodi dotolo amafola? Ndinadziyankha kuti ayi, ndipereka mawa. Msonkhano woyamba ndinakhala mpaka kumapeto. Wachiwiri ndinakhala mpaka nthawi ya buledi ndi zoziziritsa kukhosi. Pa wachitatu ndinatulukira chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndinaphunzira ku Kelimane: pepala la opezekapo amasainitsa poyamba, osati pomaliza. Kutsidya kwa msewu kuli baraka ya Mano Jowa, kanyumba komwera, ndipo mowa wake wa kabanga ndi waulemu kwambiri, sakufunsa mafunso. Kuyambira pamenepo ndinkasaina, n'kuika foni kukhutu, n'kutuluka ndi nkhope ya munthu amene akuitanidwa ku Maputo. Foniyo nthawi zambiri inalibe moto.

Pakhoma la posito pali vitirina, bokosi lija lagalasi lomwe amakhomamo zidziwitso za boma. Anthu a kwathu opita kumsika ankandiona nditaima pamenepo nthawi yaitali, nkhope ili gwa, n'kukanena kumudzi kuti a Dotolo amawerenga zedi. Ndinkakonza tayi. Galasi limenelo limaonetsa bwino kuposa la kunyumba kwanga.

Kumudzi akandifunsa za mlatho ndinali ndi yankho limodzi, ndipo ndinkalinena maso nditatsinzina pang'ono: nkhani yathu ili mu porosesu. Mawu a Chipwitikizi amenewa amangotanthauza kuti mapepala akuyendabe m'maofesi. Wina akaumirira ndinkawonjezera Chipwitikizi china chachitali mpaka atachita manyazi kuti wafunsa. Abale anga, palibe ndodo yomenyera anthu ako yoposa chiyankhulo chimene sakuchimva. Sichisiya chipsera, ndipo womenyedwayo amathokoza.

Dzinja linafika. Mwana wamkazi wa Mayi Filomena, amene anali woyembekezera, anamva zowawa m'mawa wina Nanthipwe atadzaza. Anamutengera kumtsinje pa njinga, anadikira madzi kuti aphwe, madzi sanaphwe, ndipo mwana anabadwira pomwepo pagombe, amayi atatchinga ndi zitenje. Mulungu anachita chifundo, onse anali bwino. Dzina lake laubatizo lilipo, koma palibe amene amaligwiritsa ntchito. Mudzi wonse umamutchula Porosesu, poti anabadwa akudikira. Nditamva ndinaseka nawo. Kenako ndinapita kwa Mano Jowa.

Mungaganize kuti apa ndi pamene ndinadzidzimuka. Ayi. Ndinali ndisanafike pansi.

Pansi ndinafikapo tsiku lina la msika, chaka ndi theka chitatha chisankhireni. Ndinali ndi matsire ndi njala, m'thumba mulibe kanthu. Mayi wina wogulitsa matemba ankadandaula kuti mapepala okulungira amuthera. Pasita yanga inali yonenepa, chifukwa ndinkaidzaza manotsi a ku koleji kuti izioneka yaudindo. Tinagwirizana: iye mapepala, ine matemba okazinga odzaza manja awiri. Ndinganene kuti aka kanali koyamba maphunziro anga kuthandiza munthu.

Apa pali mawu amene ndimafuna kuwalumpha nthawi zonse, koma sindiloledwa. Pamene ndinkamupatsa mulu wa mapepalawo, ndinaona ngodya ya tsamba lina itatulukira, ili ndi zidindo za zala zabuluu. Ndinaiona. Ndinadziwa chimene chinali. Dzanja langa silinaime. Mumtima ndinati, chaka ndi theka chapita, ndikaipereka lero andifunsa kuti inali kuti, bola ingosowa. Ndinadya matembawo nditakhala pamwala. Anali ndi mchere wabwino.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinaima pansi pa mango kuti ndipereke lipoti monga mwa masiku onse. Tayi ndinali nditamanga. Ndinatsokomola kawiri. Ndisanatsinzine n'komwe, Mayi Filomena anadzuka pamphasa n'kubwera kutsogolo pang'onopang'ono, atanyamula kaphukusi. Anakaika pabenchi, n'kukamasula mosafulumira ngati munthu amene akusenda nthochi. Munali matemba. Anawakhuthulira pansalu yawo, limodzi linagwa pansi, analitola, analiuzira fumbi. Kenako anawongola pepalalo ndi chikhatho, kawiri, katatu. Linali lamafuta, loonekera kuseri, likununkha nyanja ya Chilwa.

"A Dotolo," anatero, "ine sindidziwa kuwerenga. Tandiwerengereni pepala ili."

Ndinaliyang'ana. Panalibe mawu oti n'kuwerenga. Zala zokhazokha, mizere isanu ndi umodzi.

Ndinati, amayi, mapepala otere ndi ambiri m'boma, mwina ndi la mudzi wina.

Sanakweze mawu. Analoza chidindo chachitatu pamzere woyamba. Pakati pake panali kamzere koyera kopingasa, ngati njira yodutsa m'munda. Kenako anatukula chala chawo chachikulu n'kuchiika pafupi ndi mphuno yanga. Chipsera chomwecho, chopingasa momwemo.

"Ichi chinandicheka ndi chitini cha mafuta ku kampu," anatero. "Zaka zonse zija ndinkadinda chala ichi kuti ndilandire ufa. Chinadyetsa ana anga, chinadyetsako ndi iwe amako akadwala. Galasi tinalibe. Nkhope yanga ndikhoza kuiiwala, koma chala changa ndimachidziwa."

Mbuzi ya a katekisita inalira kamodzi n'kuleka.

Kenako mayi wina kumbuyo anati nayenso anagula matemba kwa mayi yemweyo, ndipo anathamangira kunyumba. Wina anamutsatira. Pasanapite nthawi masamba atatu mwa anayi anali pabenchi. Lachinayi mwini wake anapepesa kuti anakolezera moto. Anthu anaunjikana, aliyense kufunafuna chala chake, kuyerekeza, kukangana kuti ichi n'changa, ayi chanu n'chophwatalala. Bambo wina anapeza chala cha mkazi wake amene anamwalira dzinja lomwelo. Anangong'amba kachigawo kameneko bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya.

Ndinafunafuna Chipwitikizi m'mutu mwanga. Chonse chinali chitathawa. Chinatsala Chinyanja chokha, ndipo m'Chinyanja munalibe pobisala. Ndinanena zonse: mzere wa pazenera, pepala la opezekapo, baraka, galasi, matemba, ndi ngodya ija. Ndinadabwa kufupika kwake. Bodza linanditengera chaka ndi theka, koma zoona zinatha anthu asanasinthe n'komwe mwendo woimira.

Phokoso linabuka. Ena anati tisankhe wina pompano. Ena anati pasita ilandidwe. Ine ndinavomera zonse, ndipo kunena zoona mtima unayamba kupepuka. Ndinavula tayi n'kunena mwaulemu waukulu kuti ndikutula pansi udindo. Ndinali nditayamba kale kuganiza kuti munthu wochotsedwa ntchito ali ndi chifukwa chomveka chokamwera.

Mayi Filomena anayamba m'Chinyanja, anadutsa m'Chilomwe, anafika pa mawu awiri aja, a katekisita n'kuyang'ana kumwamba. Atapuma anati palibe amene akutula kanthu pano. Munthu wadya buledi wa msonkhano chaka ndi theka m'dzina lathu, lero azipita kukagona? Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo sananditchulenso a Dotolo.

"Selestino, tsiku lija ine ndinaima kumbuyo kwako. Sindinachokepo. Ndikadali pomwepo. Iwe ndiwe sunatembenuke."

Ndayesa kangapo kupeza nthabwala yoika pamenepa. Palibe.

Lolemba m'mawa ndinawapeza pakhomo panga atavala chitenje chatsopano, atakhala kale pakaliyala ya njinga yanga. Mayi Filomena ndi aafupi koma si opepuka, ndipo njira ya ku posito ili ndi zitunda zitatu. Pa chitunda chilichonse ankandikumbutsa kuti sakutsika. Titafika ndinalunjika kuchitseko, koma anandikoka malaya n'kundiimika pa vitirina. Anati amva kuti pano ndimawerenga zedi. Ndiwerenge tsono, zonse, mokweza, m'Chinyanja.

Ndinawerenga za katemera wa nkhuku. Ndinawerenga za masiku olembetsa ana obadwa kumene. Ndinawerenga za mbewu. Chilichonse ankati, ichi bwanji sitinachimve? Anthu odutsa anayamba kuima, poganiza kuti ndi mpingo watsopano. Kenako ndinafika pa pepala lina lofiirira ndi dzuwa.

Linkanena kuti pali manilya, mapaipi akuluakulu aja a simenti oika pansi pa msewu kuti madzi azidutsamo, operekedwa ku midzi yokhala ndi timitsinje tovuta. Mudzi wofuna ulembe kalata yokhala ndi zala za anthu ake, ndipo ulonjeze kututa wokha miyala ndi mchenga. Tsiku lotsekera linali Lachisanu la sabata lomwelo. Pepalalo analikhoma pamalo enieni pamene pankaonekera mfundo ya tayi yanga. Miyezi yonseyo ndinkayang'ana pomwepo, koma ndinkangoona khosi langa.

Tinalowa kwa a tekiniko oona za misewu, mayi wachitsikana wodekha kwambiri. Anatiuza kuti chidziwitsocho anachiwerenga mokweza pa misonkhano iwiri. Anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala a opezekapo, ndipo pa onse awiri dzina langa linalipo, losainidwa mokongola ndi mchira wake. Anati ankadabwa kuti mudzi wathu uli chete chonsecho woimira wake sajomba. Mayi Filomena anafunsa za mlatho weniweni. A tekiniko sanazungulire: mlatho waukulu palibe chaka chino, ndipo asatinamize, ngakhale chaka chamawa sakuuona. Chomwe chilipo ndi manilya. Mayi Filomena anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Potuluka anandiuza kuti kwa nthawi yoyamba amva ayi wa boma ndi makutu awo, ndipo ndi wokoma kuposa porosesu wanga.

Inki ya kusukulu inali itauma. A tekiniko anatibwereka yawo. Ndinatambasula dzanja, iwo anandiyang'ana, n'kuipereka kwa Mayi Filomena.

Madzulo ake tinaitanitsa anthu, ndipo ndinapereka lipoti loyamba loona m'moyo wanga. Ndinayamba ndi ayi. Mlatho kulibe. Ndinkayesa kuti munthu wobweretsa ayi amagendedwa. Bambo wina anadandaula kuti paipi si mlatho, ndipo ndinati n'zoona, si mlatho. Wina anafunsa ngati ngolo ingadutsepo, ndinati sindikudziwa, ndikafunsa. Mawu amenewo, sindikudziwa, ndinali ndisanawatchulepo chibwerere ku Kelimane. Sanandiphe. Anthu anakambirana mpaka kugwirizana kuti manilya abwere, za mlatho tizikumbutsabe.

Masiku atatu tinayenda khomo ndi khomo, munda ndi munda. Ine ndinkanyamula mapepala, Mayi Filomena inki. Ena ankadinda akundiseka, ena ankafunsa ngati matemba atsika mtengo. Mmodzi anakana, anati chala chake sichikulunga nsomba kawiri, ndipo sindinamutsutse. Lachinayi dzuwa likupendeka tinamaliza. Mayi Filomena anadinda komalizira. Kenako anaviikanso chala mu inki, anandiuza kuti ndiwerame, n'kuchidinda pachifuwa pa malaya anga oyera, mbali ya kumanzere, mwamphamvu ngati akupha nsabwe. Anati ichi ndiye sungasinthanitse ndi matemba.

Lachisanu ndinafola pazenera la sekeretariya. Kutsogolo kwanga kunali anthu ambirimbiri, dzuwa likuswa mtengo. Ndikukutsimikizirani monga munthu amene anayesa: dotolo akafola safa. Ndinapereka kalata, ndipo pa kope yake anandidindira chidindo cha ofesi chosonyeza kuti alandira. Kope imeneyo ndinakaikhoma pachitseko cha tchalitchi.

Kenako miyala. Abale anga, miyala ndi yolemera, izi ku koleji sanatiuze. Tinatuta masabata atatu, amayi pamutu, abambo pa njinga, ine m'manja mwanga mofewa mmene munatuluka matuza ngati a mwana wakhanda wapsa ndi phala. Amayi anapeka nyimbo ya ntchito yonena za dotolo wina amene anagulitsa mudzi wake ndi nsomba zouma. Dzina sanatchule. Ine ndinkaimba nawo besi. Tinapempha manilya asanu, anabwera atatu, ndipo ndinakanena pansi pa mango kuti abwera atatu, osati asanu, komanso chifukwa chimene a tekiniko anapereka. Tsiku lowaika mudzi wonse unali m'matope. A katekisita anaterereka n'kukhala pansi m'madzi, ndipo anadzuka akunena kuti amayesa kuya kwake.

Mvula yoyamba itagwa tonse tinapita kukaima pagombe ngati tikuonera mpira. Madzi anabwera ofiira, anafika pa manilya, anazengereza pang'ono, n'kulowa pansi. Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsika. Sindikunamizani, mvula ikagwa yoopsa madzi amakwerabe pamwamba, timadikira theka la tsiku. Koma theka la tsiku si sabata. Nandolo wathu chaka chino anafika kumsika ogula asanatseke masikelo. Porosesu tsopano akuyenda, ndipo kusikelo ya ana amawoloka ndi mapazi ake, atagwira chitenje cha amake.

Ndiye inu amene mwayamba kumene, tengani izi kwa munthu amene anazigula ndi manyazi ake.

Msonkhano muzikhala mpaka mpando womaliza utabwezedwa kukhoma. Zofunika zambiri amazinena buledi atatha. Ine ndinapempha kuti pepala la opezekapo tonse tizisaina potuluka, ndipo ena mu konselyu yathu sanandikhululukirebe.

Vitirina muziiwerenga. Ngati ili ndi galasi loonetsa bwino, imani chammbali. Ine ndimajambula mapepala onse ndi foni, yomwe masiku ano imakhala ndi moto, ndipo ndimawalembanso m'Chinyanja ndi zilembo zikuluzikulu n'kukhoma kuchigayo ndi kutchalitchi. Lamulungu ndimawerenga mokweza chifukwa cha amene sawerenga. Pali amayi awiri amene amamva bwino Chilomwe, ndipo wina amawamasulira. Zimatenga nthawi, anthu amakhala ndi njala, koma palibe amene amachoka.

Kalata iliyonse ikhale ndi kope, kope ikhale ndi chidindo, ndipo isagone mu pasita yanu. Si yanu.

Mukabwera ndi ayi, nenani ayi. Ine ndinkaopa kuti anthu akamva ayi adzandida. Anthu athu anaona nkhondo, anaona kampu, anaona njala. Ayi sawaopsa. Chimene chimawatopetsa ndi kudikira chinthu chomwe sichinanyamuke n'komwe.

Za kabanga sindikuuzani kuti ndinasanduka mngelo. Ndinayamba ndi kuleka pa masiku a msonkhano. Kenako ndinapeza kuti lipoti la Lamulungu limafuna mutu wabwino, ndiye Loweruka linapitanso. Lolemba pali kukopera zidziwitso. Pang'onopang'ono sabata inandithera masiku omwera. Mano Jowa akandiona ndikudutsa amandipatsa moni wachisoni ngati wa pamaliro.

Ndipo pezani Mayi Filomena wanu. Mudzi uliwonse ali nawo, nthawi zambiri ndi amene mukumuzemba panopa. Muikeni pakaliyala. Zitunda zidzakuwawani, koma simudzasochera njira n'kukapezeka kutsidya kwa msewu.

Chisankho china chinachitika miyezi yapitayi. Ndinaimanso kuyang'ana mango uja, ndikumva mapazi kumbuyo. Ulendo uno sindinadikire kuuzidwa, ndinkangofuna kutembenuka, mpaka woyendetsa chisankho anandidzudzula kawiri. Mzere wanga sunafike pakhola la mbuzi. Unathera pafupi ndi mjigo, ndipo ndinapambana ndi anthu ochepa kwambiri. Bambo uja anang'amba chala cha mkazi wake anafola kwa mnzanga amene ndinkapikisana naye, ndipo anachita bwino. Koma mzere waufupi umenewu ndimaudziwa munthu aliyense, ndipo aliyense amadziwa kumene ndimapita Lachiwiri, tsiku la msonkhano.

Mwakhala mukudabwa chifukwa chake ndavala jekete kutentha konseku. Dikirani ndivule. Ndi amenewa malaya ake. Akazi anga achapa ndi sopo wa mitundu yonse, ayesa ndi mandimu, koma inki ya boma ndi yokhulupirika. Amene muli kutsogolo mukutha kuona kamzere koyera kopingasa pakati. Tayi ndinasiya, imabisa.

Mphindi khumi zija ndikuona kuti zatha kalekale, ndipo buledi wafika. Idyani, koma mubwerere m'malo mwanu. Mukamatuluka mupeza mayi wina wamfupi atakhala pakaliyala ya njinga pansi pa mthethe, chitenje chatsopano, nkhope ngati woweruza. Akuimitsani mmodzi wa inu kuti amve zimene ndanena muno. Auzeni zonse, musandikometsere. Koma chonde, akakufunsani za ngodya ya pepala ija, muwauze kuti ndanena. Apo ayi, zitunda zitatu zija sakatsika panjinga.